Dimba la agogo likufota: fufuzani mbiri yake musanakongole ndalama ya pampu

Mayi wina wa ku Chibavi watilembera imelo. Akuti agogo awo aamuna anatsegula dimba m'dambo cha m'ma 1970, bambo awo n'kulikulitsa mpaka kuphunzitsa nalo ana onse anayi. Tsopano bambowo miyendo yawakana, ndipo dimba latsala m'manja mwa ana. Tomato akufota chaka ndi chaka, kabichi sakumanganso mitu ngati kale, ndipo achimwene awo aakulu akufuna kukongola ndalama kuti agule pampu ya sola. Funso lawo ndi lakuti: madimba a mabanja kuno ku Mzuzu anayenda bwanji kuti afike pamenepa, nanga iwo ayambire pati?

Mayi, pampuyo iyambe yadikira. Mavuto awiri mwatchulawo kawirikawiri sabwera chifukwa chosowa madzi, ndipo limodzi mwa iwo madzi ndi amene amalifalitsa. Dimba lomwe lalimidwa zaka 50 lili ndi mbiri yake. Mbiri ina ili m'mutu mwa bambo ndi mayi anu, ina ili m'nthaka momwemo. Mukaitolera yonse, ikuuzani bedi loti mudzale tomato, bedi loti mulipumitse, ndiponso ngati chitsime chanu chingathe kudyetsa pampu.

Tiyambe ndi tauniyi. Mzuzu si wakale kwenikweni. Anamera mozungulira esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung yomwe inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo anakhala mzinda mu 1985. Kalembera wa 1977 anapeza anthu ongopitirira 16,000, wa 1998 pafupifupi 87,000, ndipo wa 2018 oposa 221,000. Dimba lanu lakhala likusintha motsatira manambala amenewa.

Pa nthawi ya agogo, pafupifupi khomo lililonse linali ndi kamunda kuseri kwa nyumba, choncho ogula masamba anali ochepa: ogwira ntchito m'boma, mabanja a asilikali, masukulu ogonera konko. Dimba linali la ndiwo za pakhomo, mpiru, mnkhwani, bonongwe, chimanga chachiwisi, nzimbe ndi nthochi m'mphepete. Zotsala ndi zimene agogo aakazi ankasenza pa dengu kupita nazo kumsika. Mbewu ankasunga okha, manyowa anali a m'khola, ndipo chachikulu n'chakuti malo analipo. Bedi likatopa ankalisiya kuti likhale tsala, n'kutsegula pena. Matenda a m'nthaka ankafa ndi njala udzu ukamera pamenepo zaka zingapo.

M'badwo wa bambo ndi umene unasandutsa dimba kukhala bizinesi. Anthu atachuluka m'tauni, msika unayamba kufuna kabichi, tomato, repu, tchayinizi ndi anyezi tsiku lililonse. Kunabwera mbewu za m'mapaketi, feteleza wogula, ndi mankhwala opopera. Yunivesite ya Mzuzu italandira ophunzira oyamba mu 1999, ndi chipatala chachikulu chitatsegulidwa mu 2000, pakamwa podya panawonjezekanso. Itatha njala ya 2002, boma ndi mabungwe analimbikitsa kwambiri ulimi wa m'chilimwe, ndipo mathiredo pampu, mapampu opalasa ndi miyendo, anafika m'madambo ambiri. Munthu amene ankathirira mabedi 20 ndi makeni anayamba kuthirira malo owirikiza kangapo. Koma pa nthawi yomweyo nyumba zinali zikutsikira kudambo. Malo otsegula atsopano anatha, tsala linatha, ndipo poti tomato ndiye ankalipira fizi, ankabwerera pa mabedi omwewo chaka chilichonse. Cha mu 2016 kunafikanso mbozi ya Tuta absoluta, yoboola masamba ndi zipatso za tomato, ndipo ndalama ya mankhwala inakwera.

Sitikunena izi kuti tidzudzule bambo. Anachita zomwe nthawi yawo inkafuna, ndipo ana anayi anaphunzira. Kungoti nthaka yasunga zonsezo, ndipo m'badwo wachitatu ndi umene umazipeza.

Ntchito yoyamba ndi kufunsa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nkhani iyi palibe mlangizi angadziwe dimbalo kuposa amene anapondamo zaka 40. Musawafunsire kunyumba pa mkeka. Apezereni njira yofikira kudimba, ngakhale pa kabaza, muwaikire mpando pamthunzi pomwe akuona mabedi onse. Munthu amakumbukira bwino akamaloza ndi chala. Jambulani mapu a dimba pa pepala lalikulu: mtsinje, chitsime, ngalande, mbali yokwera ndi yotsika, ndipo bedi lililonse mulipatse nambala. Kenako muwafunse bedi ndi bedi. Tomato anayamba kufota pati, chaka chiti? Kufotako kunayenda kulowera kuti? Ndi bedi liti lomwe silinadzalidwepo tomato, mbatatesi, biringanya kapena tsabola? Madzi osefukira amalowera pati mvula ikachuluka mu Malichi ndi Epulo, ndipo amakhalitsa masiku angati? Chitsime chinaphwapo, ndipo unali mwezi uti? Laimu anathirapo? Feteleza wobereketsa ankakonda uti? Mbande ankafesa okha kapena nthawi zina ankagula kwa anzawo? Zaka sangazikumbukire ndi manambala, ndiye zimangirireni ku zochitika, monga chaka cha njala, chaka cha chisankho, chaka chomwe mwana wakutiwakuti anabadwa. Tsegulani foni ijambule mawu, chifukwa polemba mudzasiya zambiri.

Mayi anu kapena azakhali amene ankakhala pamsika muwafunse padera. Iwo ndi amene akudziwa mbali ina ya mbiriyi: opikula amene ankalipira pompopompo, amene ankatenga pangongole n'kusowa, miyezi imene repu ankabwerera kunyumba atafota, ndi malo odyera kapena masukulu amene ankaoda. Ubale umenewo ndi chuma, ndipo umatha msanga ngati palibe woupitiriza.

Mukapeza makope akale a bambo, musayerekeze mitengo yake ndi ya lero m'makwacha. Kwacha yagwa kambirimbiri, ndipo mu Novembala 2023 mokha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Funsani motere: thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 linkafuna madengu angati a tomato nthawi imeneyo, ndipo lero likufuna angati? Yankho lake ndi limene likuonetseni ngati mbewu ina ikadali ndi phindu kapena mukungoilima chifukwa cha chizolowezi.

Tsopano funsani nthaka. Kufota kwa tomato kuli mitundu ingapo, ndipo alimi ambiri amataya ndalama kupopera matenda omwe mankhwala sangawafike. Zulani mtengo umodzi womwe wangoyamba kufota, osati wouma kale, mizu yake yonse ituluke.

Yambani ndi kapu ya galasi yoonekera mkati, mudzazemo madzi oyera. Dulani tsinde cha m'munsi, kachidutswa kotalika ngati chala, mukatsuke, ndipo mukagwire kuti nsonga yake yokha ilowe m'madzi. Musagwedeze kapuyo. Pakatha mphindi zitatu kapena zisanu, mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa nsongapo, amenewo ndi matenda ofotetsa a bakiteriya. Zizindikiro zake m'munda ndi zakuti mtengo umafota masamba akadali obiriwira, poyamba masana okha n'kudzuka usiku, kenako osadzukanso. Tizilombo take timakhala m'nthaka zaka zambiri, timalowera m'mabala a mizu, ndipo timayenda ndi madzi, ndi dothi la ku khasu, ndi matope a kumapazi. Palibe mankhwala a m'sitolo amene amachiza. Apa ndi pamene mapu aja agwire ntchito. Ngati bambo akuloza kuti kufota kunayambira bedi la kumtunda n'kumatsika motsatira ngalande, ndiye kuti madzi ndi amene akhala akuwanyamula. Pampu yothira madzi ambiri m'ngalande zomwezo ingamalizitse kufalitsa matendawo dimba lonse m'nyengo imodzi kapena ziwiri.

Ngati m'kapumo simukutsika kanthu, ng'ambani tsinde m'litali. Mkati mukakhala mofiirira, ndipo masamba anayamba achita chikasu kuchokera pansi, nthawi zina mbali imodzi yokha ya mtengo, amenewo ndi matenda a Fusarium. Nawonso amakhala m'nthaka, koma pali mitundu ya tomato yowapirira, ndipo paketi ya mbewu imalemba zimenezo.

Kenako yang'anani mizu. Ikakhala ndi mfundomfundo zotupa zomwe ndi mbali ya muzuwo, amenewo ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba, tomwe ndi tabwino ndipo timathothoka mukatikhudza ndi chala. Manematodi amakonda nthaka ya mchenga, ndipo mabala amene amaboola ndi khomo lolowera bakiteriya uja. N'chifukwa chake awiriwa amapezeka limodzi kawirikawiri.

Chiwawu n'chosiyana ndi zonsezi. Chimayambira pa masamba, madontho akuda onyowa, ndipo chimakonda kuzizira ndi chinyezi, zomwe ku Mzuzu sizisowa. Chimenechi ndiye chopopera, koma mankhwala ngati Dithane amateteza, sachiza, choncho amapoperedwa matenda asanaoneke, sabata iliyonse nthawi ya mvula, pa muyezo wolembedwa pa paketi.

Kabichi nayenso muzuleni mmodzi mwa opinimbirawo. Mizu ikakhala yotupa ngati zala zonenepa, ina ikuwola n'kununkha, ndiye kuti muli matenda otupitsa mizu, omwe amakonda nthaka ya asidi ndi yonyowa, ndipo amatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Ngati mizu ili bwino koma masamba akuchita chikasu kuyambira m'mphepete kulowa mkati, mitsempha yake ikuda, amenewo ndi matenda owoletsa a bakiteriya, omwe amabwera ndi mbewu kapena mbande ndipo amafala ndi madontho a madzi. Ngati palibe chilichonse mwa izi koma kabichi akungokhala wamng'ono ngakhale mwathira feteleza, ganizirani za asidi.

Nkhani ya asidiyi ndi yaikulu kuno. Nthaka yofiira ya ku Mzuzu ndi ya asidi kale chifukwa mvula yambiri imatsuka mchere wa m'nthaka. Feteleza wa Urea ndi wa Sulphate of Ammonia akathiridwa zaka zambiri popanda laimu amawonjezera asidiyo. Asidi akachuluka, mizu siikula bwino, ndipo gawo lina la feteleza limamangika m'dothi mbewu osalidya. Mlimi amaona ngati feteleza wachepa, n'kuwonjezera, vuto n'kumakula. Ndiwo zamasamba zambiri zimafuna pH, womwe ndi muyezo wa asidi wa m'nthaka, ya pakati pa 6 ndi 6.8. Kuti mudziwe yanu, tengani dothi m'malo 15 kapena 20 moyenda mokhotakhota, kuyambira pamwamba mpaka masentimita 20 pansi, musakanize m'ndowa yoyera, n'kutapapo theka la kilogalamu. Mbali ya kumtunda ndi ya kumunsi zikhale ndi mapepala osiyana, olembedwa bwino. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena a pa malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa omwe ali mumzinda momwemuno, akuuzani koyezetsa.

Kuchuluka kwa laimu kumadalira zotsatira za kuyezako, koma muyezo woyambira pa nthaka ya asidi ndi magalamu 200 pa sikweya mita. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limadya makilogalamu awiri, ndiye thumba la makilogalamu 50 limakwana mabedi 25. Gulani laimu wa ulimi, osati wopaka nyumba. Muwazeni mofanana, mumutembenuzire ndi khasu mpaka masentimita 15 kapena 20, ndipo padutse mwezi umodzi kapena iwiri musanawokere. Musamuthire tsiku limodzi ndi zitosi za nkhuku kapena Urea, chifukwa chakudya china chimauluka ngati mpweya. Pobereketsa masamba, feteleza wa CAN sawonjezera asidi ngati Urea. Laimu amathandizanso pa kuwola kwa tomato kunsi kwa chipatso, kuja kwakuda kophwatalala, komwe kumabwera chifukwa chosowa kashiamu, mchere womwe umapezeka mu laimu, ndi kuthirira modumphadumpha. Ambiri amakupopera mankhwala a chiwawu, osaphula kanthu.

Manyowa abwerere m'dimba ngati nthawi ya agogo. Ndowe za ng'ombe zowolerana bwino, makilogalamu awiri kapena atatu pa sikweya mita. Zitosi za nkhuku zikhale theka la muyezo umenewo chifukwa ndi zaukali, ndipo zaziwisi zimawotcha mizu. Zotsalira za tomato ndi kabichi wodwala zisalowe mu kompositi. Ziwotcheni kapena zikwirireni kutali ndi mtsinje.

Pa kasinthasintha wa mbewu ndi pamene mabanja ambiri amadzinamiza mosadziwa. Munthu amati wasintha chifukwa wachotsa kabichi n'kudzala repu, kenako tchayinizi, kenako mpiru. Zonsezo ndi banja limodzi, ndipo matenda ake ndi amodzi. Chimodzimodzi tomato, mbatatesi, biringanya, tsabola ndi fodya. Gawani dimba zigawo zinayi pa mapu aja. Chigawo china chikhale cha banja la tomato, china cha banja la kabichi, china cha anyezi ndi karoti, china cha chimanga chachiwisi ndi zitheba, ndipo zizisinthana malo chaka ndi chaka. Mabedi amene kapu ija yaonetsa bakiteriya asaonenso banja la tomato kwa zaka zinayi kapena kuposa. Amene ali ndi matenda otupitsa mizu asaone banja la kabichi kwa zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo alandire laimu wokwanira. Pa mabedi a manematodi dzalani chimanga, kapena maluwa a marigold mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu. Polima, yambani ndi mabedi abwino, odwala muzimalizira, ndipo khasu litsukidwe lisanabwerere kwabwino. Kumbaninso ngalande kuti madzi ochokera ku mabedi odwala azipita kunja, asamadutse m'mabedi ena kapena kulowa m'chitsime.

Zikatheka kuti dimba lonse lili ndi bakiteriya, tomato achoke kaye m'dambomo. Tikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa ku banja lomwe linakula ndi tomato. Koma mpiru, repu, tchayinizi, bonongwe, anyezi, karoti, zitheba ndi chimanga chachiwisi zili ndi msika, ndipo masamba amabweza ndalama msanga, poti amayamba kuthyoledwa pakatha sabata zinayi kapena zisanu chiwokereni. Ngati banja lili ndi munda wa kumtunda komwe kwakhala kukulimidwa chimanga chokha, tomato wa nthawi ya mvula apite kumeneko. Nthaka yake kawirikawiri ilibe matendawa, madzi sadikha, ndipo ndi nyengo imene tomato amasowa pamsika n'kukwera mtengo. Amafuna timitengo, kuchotsa mphukira, kudula masamba a m'munsi, ndi kupopera mosadumphitsa, koma phindu limakhalako. Tomato wa m'dambo wokolola mu Sepitembala ndi Okutobala amakumana ndi wa wina aliyense, kuphatikizapo wochokera ku Jenda, ndipo opikula a ku Zigwagwa ndi amene amatchula mtengo.

Nazale ikhale pamalo atsopano, pomwe sipanadzalidwepo masamba, ndipo pamtunda kuti madzi a m'dimba asafikepo. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi, lokwezedwa masentimita 15 mpaka 20. Kuwotcherapo mapesi musanafese, monga amachitira alimi a fodya, kumachepetsa matenda ndi udzu. Fesani m'mizere yotalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuya sentimita imodzi, muphimbire ndi udzu wouma, ndipo udzuwo uchoke mbewu zikangomera. Mbande zikathithikana ndiponso zikathiriridwa madzulo kwambiri, zimawola patsinde n'kugwa, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Tomato ndi kabichi amawokeredwa pakatha sabata zinayi kapena zisanu, anyezi sabata zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu. Sabata yomaliza chepetsani madzi kuti zikhwime. Mbande zogula kapena zopempha kwa anansi zisalowenso m'dimba, ngakhale zioneke zokongola bwanji, chifukwa dothi la ku mizu yake ndi limene limabweretsa matenda. Bambo akatchula chaka chomwe anagulapo mbande, yerekezani ndi chaka chomwe kufota kunayamba.

Muwafunsenso ngati pali mbewu zimene akhala akusunga okha, monga mpiru, bonongwe, luni kapena maungu a agogo. Zimenezo zinazolowera nyengo ya kuno, musazitaye. Tomato wa mitundu ngati Tengeru 97 ndi Tanya, yomwe inachokera ku Tanzania, mbewu yake imasungika: finyirani njere za zipatso zakupsa za mitengo yathanzi m'kapu, zikhale masiku awiri kapena atatu kuti zisase, muzitsuke, muziyanike pamthunzi. Koma paketi ikalembedwa F1, mbewu yake siyosunga, chifukwa ana ake amatuluka osiyanasiyana.

Tsopano tibwerere kwa achimwene ndi pampu yawo. Maganizo awo si olakwika. Kuthirira ndi makeni kumathyola msana, ndipo ndi chimene chimathamangitsa achinyamata m'madimba. Nthawi yotentha, kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, masamba amafuna pafupifupi malita 5 pa sikweya mita tsiku lililonse. Malo okwana masikweya mita 1,000, omwe ndi pafupifupi kota ya ekala, amamwa malita 5,000 pa tsiku. Ndi keni ya malita 10, amenewo ndi makeni 500, kapena maulendo 250 mutanyamula awiriawiri. Munthu mmodzi sangakwanitse tsiku ndi tsiku, ndiye pampu ili ndi malo ake.

Funso n'lakuti chitsime chanu chingapereke malita 5,000 pa tsiku mu Okutobala? Pampu siibweretsa madzi, imangotunga amene alipo mwamsanga. Yesani motere pa nthawi youma kwambiri. Yezani kukula kwa kamwa la chitsime. Chikakhala chozungulira, mita imodzi kuchokera mbali ina kufika ina, masentimita 10 aliwonse a madzi ndi malita pafupifupi 78. Chikakhala mita imodzi ndi theka, ndi malita pafupifupi 177. Imikani ndodo m'chitsime, mulembe pomwe madzi alekeza, mutunge mpaka atsike kwambiri, kenako muone masentimita amene abwerera pa ola limodzi. Chitsime cha mita imodzi chomwe chikubweza masentimita 20 pa ola chikupereka malita pafupifupi 156 pa ola, omwe sakwana 4,000 ngakhale mutawerengera usana ndi usiku. Pampu yaikulu pa chitsime chotero imachiphwetsa m'kanthawi kochepa, n'kuyamba kukoka mchenga ndi mpweya, ndipo mkati mwake mumatha msanga. Zikatero ndalama iyambe yapita kokuza chitsime ndi kuchimangira, komanso kophimbira mabedi ndi udzu kuti chinyezi chizikhalitsa.

Chitsime chikapambana mayesowo, kumbukirani izi pogula. Pampu yokhala pamtunda siikoka madzi akuya kupitirira mamita 7 kapena pamenepo. Wogulitsa akuuzeni malita amene imatulutsa pa ola pa msinkhu womwe madzi anu akuyenera kukwera, osati pamalo athyathyathya. Kunsonga kwa paipi kukhale sefa, ndipo isagunde pansi pa chitsime. Madzi apite mu thanki kapena m'migolo ya kumtunda kwa dimba, ndipo kuchokera pamenepo azifika pa tsinde la mbewu ndi paipi kapena keni, osati kusefukira m'ngalande kuchoka bedi lina kupita lina. Ganiziraninso za kosunga mapanelo a sola usiku, chifukwa dimba la m'tauni lili ndi maso ambiri. Ndipo ngongole ya banki mkhonde, yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa mwezi ndi mwezi, siyenerana ndi chipangizo chomwe chidzabweze ndalama yake patatha nyengo ziwiri kapena zitatu.

Patsala nkhani imodzi yomwe simunafunse mwachindunji, koma ili m'kalata yanu: ana anayi, dimba limodzi. Madimba ambiri a mabanja satha ndi matenda okha. Amatha chifukwa mmodzi amathirira, atatu amabwera pokolola, ndipo ndalama ya mbewu imadyedwa pa maliro ndi pa fizi popanda wolemba. Khalani pansi bambo akadali ndi mphamvu zolankhula. Amene akugwira ntchito m'dimba tsiku ndi tsiku azilandira malipiro ake pamwezi phindu lisanagawidwe, monga mmene mukanalipirira waganyu. Ndalama ya dimba ikhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, yosiyana ndi ya munthu aliyense. Mukagulitsa, ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a nyengo yotsatira ichoke poyamba. Masamba opita kumakomo kwanu azilembedwanso m'kope, osati kuti muzilipiritsana, koma kuti mudziwe chimene bedi lililonse latulutsa. Kopelo likhale ndi tsamba la bedi lililonse: tsiku lofesa, mtundu wa mbewu, zothira, matenda amene aoneka, ndi zokolola.

Za malo nazonso zilembedwe. Madimba ambiri anaperekedwa ndi amfumu pakamwa, kalekale tauni isanafike kumeneko, ndipo mboni zake zikutha. Bambo anene pamaso pa amfumu, ankhoswe a banja ndi ana onse mmene malowo anawapezera, malire ake, ndi chimene akufuna chidzachitike. Pitaninso ku ofesi ya zamalo ndi ku khonsolo ya mzinda mukafunse mmene malowo alili m'mabuku awo, chifukwa m'mphepete mwa mitsinje muli malamulo ake. Inu monga mwana wamkazi, musachite manyazi kukhalapo pa zokambiranazi. Mwambo wa kuno kumpoto umakonda kudutsitsa malo kwa ana aamuna, koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera ana onse pamodzi ndi mayi awo, ndipo kalata yolembedwa bambo ali moyo imatseka mikangano yambiri.

Pa ndondomeko ya nthawi, mapu ndi mafunso a bambo zichitike mwezi uno. Kapu ya madzi ndi kuzula mizu zichitike pamene pali mbewu yodwala m'munda, dothi lipite koyezetsa mvula ikangotha, ndipo laimu alowe mabedi asanakonzedwe. Chitsime muchiyese mu Okutobala, achimwene ali pomwepo atagwira ndodo ndi wotchi, ndipo manambala amene atuluke ndi amene mupite nawo kwa wogulitsa pampu.